Ndandanda ya Ozonda Odwala

Lachiwiri, pa 4 Malichi

Andigoneka m'chipatala, wodi ya amuna, bedi nambala 7. BP 186/110.

Ndinagwa kuntchito cha m'ma 10 koloko m'mawa, pakati pa makina odulira mapepala ndi mulu wa makalendala. Kugwako sindikukukumbukira. Ndikukumbukira kutsitsimuka anzanga akundikupiza ndi chikuto cha buku, wina atagwada pafupi ndi khutu langa kundifunsa ngati mabuku a sukulu alowe pa makina aakulu kapena aang'ono. Akuti ndinayankha, ndipo akuti yankho lake linali lolondola.

Ndagwira ntchito pakampani yosindikiza mabukuyi zaka 19. Udindo wanga ndi kukonza ndondomeko: ntchito iti ilowe pa makina ati, tsiku liti, pepala lake lichokere kuti. Zonsezi zili m'mutu mwanga ndi m'kabuku kofiira komwe sindibwereketsa munthu.

Mayi akunyumba andibweretsera bulangete, sopo ndi kope ili. Buku lomwe ndinapempha alisiya dala, ati munthu wogwa chagada asawerenge za nkhondo. Choncho ndizilemba manambala.

Lachitatu, pa 5 Malichi

M'mawa 172/104. Masana 176/104. Madzulo 180/106.

Amayeza katatu: 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana, 6 koloko madzulo. Mankhwala: amlodipine 10mg m'mawa, enalapril 10mg kawiri patsiku. Magazi atenga timabotolo titatu. Chakudya chilibe mchere, ndipo ophika akuoneka kuti akunyadira zimenezi.

A Dokotala ndi mayi wachitsikana wosazungulira polankhula. Ati impso zayamba kudandaula, ndipo aka n'kachiwiri chaka chino kundiona pano. Andipatsa mpaka Lachisanu la sabata ya mawa, pa 14. Akufuna masiku atatu otsatizana BP ili pansi pa 140/90, miyeso yonse itatu patsiku. Zikakanika, alembera kampani kalata yoti ntchito imeneyi thupi langa laikana, andipumitse. Ndili ndi zaka 52 ndipo ntchito ina sindiidziwa. Ndinafunsa ngati 141 angaiwerenge ngati 139 munthu akakhala wa khalidwe labwino. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kupita pa bedi lina.

Ndifotokoze za alendo. Bwana wathu timawatchula a Banja, chifukwa msonkhano uliwonse amayamba ndi mawu akuti pakampani pano ndife banja limodzi. Si munthu woipa, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe. Chaka chatha anapita ku maphunziro a masiku atatu a za umoyo wa antchito, n'kubwerako ndi satifiketi, thumba la timipira tofinya munthu akapsa mtima, ndi malamulo. Lachisanu lililonse pa nthawi ya nkhomaliro timadumphadumpha pabwalo loimikapo magalimoto, ndipo wosadumpha amalemba chifukwa chake. Bokosi la madandaulo analikhomera pakhomo la ofesi yawo ya magalasi, kuti aziona amene akuponyamo kapepala n'kutuluka kudzamuthokoza. M'bokosilo munamanga akangaude.

Lamulo lalikulu ndi la odwala. Wantchito akagonekedwa, anthu awiri amapita kukamuzonda masana, ena awiri madzulo, motsatira ndandanda yomwe amasunga mayi oona za antchito. Mayiwo dzina lawo lenileni tinaliiwala, timangoti a Ndandanda. Wodwala amasaina fomu kuti anthu anafikadi, n'kupereka malikisi, kuyambira 1 mpaka 5, osonyeza mmene watonthozedwera. Mawu a pa fomuyo ndinawathandiza kulemba ndine.

Lero masana kunabwera awiri osoka mabuku. Anati za ntchito ndisaganize n'komwe, angobwera kudzandiona nkhope. Atakhala pansi, wamkulu anatulutsa pepala m'thumba la jekete.

"Koma poti tafika kale, akuluakulu, kafunso kamodzi chabe."

Mafunso anakwana asanu ndi awiri. Madzulo kunabwera ena ndi asanu ndi anayi. Onse ndawapatsa 5, ali ndi ana.

Lachinayi, pa 6 Malichi

M'mawa 158/96. Masana 178/104. Madzulo 174/102.

A Banja abwera okha, suti ndi tayi, atanyamula dengu la malalanje lomangidwa ndi kansalu kofiira. Anapereka moni bedi lililonse, kuphatikizapo la bambo wina yemwe sanatsitsimuke chimuchitireni opaleshoni. Kenako anaima kumapazi kwanga n'kulankhula kwa mphindi khumi ndi zisanu, mawu okwanira wodi yonse. Anati ndine mzati wa kampani. Anati zaka 19 sindinatengepo tchuthi chathunthu, ndipo achinyamata atengerepo chitsanzo. Odwala ena anaomba m'manja.

Potsanzikana anandigwira paphewa, maso ali ndi misozi yeniyeni.

"Pumani, mkulu wanga, ndikukulamulani. Makina onse atatu aima kudikira inu, koma musazitengere kumtima."

Andisiyira kampira kofinya ndi chaja ya foni, ati foni isazime, ndisakhale ndekha.

Pa bedi nambala 6 pagona dalaivala wa mabasi, wa shuga, ali ndi bala kuphazi. Waona zonse. Ati, "Akulu, kwanuko amakukondani kwabasi. Ine lero tsiku lachisanu, kuntchito kuli zii." Ndamupatsa malalanje awiri, a Sisitala alanda limodzi.

Lachisanu, pa 7 Malichi

M'mawa 149/92. Masana 170/100. Madzulo 172/102. Mutu ukuwaza nkhuni. Awonjezera kapiritsi kokodzetsa, 25mg.

Mafunso lero 21, kuphatikizapo a pafoni. Wina anaimba ndili kuchimbudzi, ndayankha.

Bwana wa a Dalaivala abwera, mayi wamfupi wa nsapato zafulati. Anakhala mphindi zisanu, ndinawerenga. Anati basi yawo akuyendetsa wina ndipo sinagwe m'dzenje, malo awo akuwadikira, akachira ayambe ndi maulendo afupiafupi, ndipo galimoto ya kudepoti izidzatenga akazi awo masana aliwonse. Anafunsa ngati pali china. Panalibe. Ananyamuka.

A Dalaivala akhumudwa tsiku lonse. Ati munthu zaka khumi ndi ziwiri pa chiwongolero, osafunsidwa ngakhale kafunso kamodzi. Atadandaula mokwanira anagona tulo, mkonono mpaka kukhonde. Ine ndinali maso, ndikuwerengera m'mutu mapepala a makalendala.

Loweruka, pa 8 Malichi

M'mawa 141/88. Masana 166/98. Madzulo 168/100.

Ndaika manambala onse pamzere kuseri kwa fomu ya malikisi. Nthawi ya alendo kuno ndi 11 mpaka 12 koloko, ndi 5 mpaka 6 koloko. Ndiye kuti muyeso wa masana ndi wa madzulo umabwera alendo atangotuluka kumene. Wa m'mawa ukutsika bwino: 172, 158, 149, 141. Enawo sakutekeseka. Mankhwala akugwira ntchito yake, kampani nayo ikugwira yake, ndipo kampani ili ndi anthu ambiri.

Masiku anayi ndi ochepa kuti munthu agamule mlandu. Pafunika tsiku lopanda alendo kuti ndifanizire. Mawa kampani ndi yotseka ndipo ndandanda sigwira Lamulungu.

Mayi akunyumba ndawaonetsa. Sanayang'ane n'komwe. Ati zimenezo akhala akundiuza zaka khumi popanda pensulo.

Chinthu china ndaona. Namwino wina wakhala chiimirire kuyambira m'mawa, mpaka anayamba kuthira madzi pambali pa kapu. A Sisitala, akuluakulu a wodi ino, anangomulanda thileyi la mankhwala, n'kumulozera mpando ndi mlomo. Thileyilo anazungulira nalo okha. Sanachititse msonkhano.

Lamulungu, pa 9 Malichi

134/84. 136/86. 132/82.

Palibe wabwera kupatula mayi akunyumba. Foni sinalire. Ndagona masana koyamba chilowereni ntchito. Tsiku loyamba lapezeka.

Lolemba, pa 10 Malichi

M'mawa 135/85. Masana 158/96. Madzulo 154/94. Tayambiranso pa ziro, koma tsiku la lero ndi lofunika kulilemba bwino.

11 koloko a Banja anafika ndi a Ndandanda, fayilo ili kukhwapa. Ndinali nditakonzeka. Ndinajambula mizere iwiri pa pepala, wa m'mawa wotsetsereka ndi wa alendo wokwera phiri, Lamulungu lokha pali chigwa. A Banja amakonda mizere yotere, ku ofesi kwawo khoma ladzaza. Anavala magalasi, anayamikira ukhondo wa ntchitoyo, kenako anafunsa kuti phirilo n'chiyani. Ndinawauza mwaulemu kuti phirilo ndi iwowo ndi anthu awo.

A Ndandanda anayamba kuwerenga zolembedwa pa botolo la madzi.

A Banja atabwerera m'thupi anati zimenezo sizingatheke, ku maphunziro anawauza kuti kuzonda wodwala kumatsitsa BP, ndipo anaona pa chithunzi. Anati vuto ndi makina a m'chipatala muno, iwo makina amawadziwa, awa sanakonzedwe chigulireni. Anaitana a Sisitala, anavula jekete, n'kupinda mkono wa shati.

"Tayezani ine, mayi. Ine sindinagonepo m'chipatala chibadwire. Muona kuti chinthu chanuchi chimanama."

A Sisitala anayeza. 198/116. Anayeza mkono winawo. 200/118. Anatumiza namwino kukatenga makina a ku wodi ina, a Banja akumwetulira kuti mwaonatu. Makina achilendowo anati 201/118.

A Sisitala anafunsa ngati bambowo abwera pa galimoto. Anati eya. Anati makiyi apatse mayi abwera nawowo. A Banja anati ali ndi msonkhano 2 koloko. A Sisitala anati bedi nambala 8 achapa kumene.

Ndiye pano ndikulemba bwana wanga atagona kudzanja langa lamanzere, mtunda wa mkono umodzi, atavala chovala cha chipatala chomanga kumsana. Zingwe zake ndawamangira ndine. A Dalaivala aseka mpaka namwino anawayezanso shuga.

Lachiwiri, pa 11 Malichi

M'mawa 137/86. Masana 152/94. Madzulo 156/95.

A Ndandanda ndi munthu wokhulupirika. Lamulo silinena kuti bwana asazondedwe, choncho alemba ndandanda yachiwiri. Masana kunalowa anthu anayi, awiri anga, awiri a bwana, mafomu awiri, madengu awiri. Onse anauza a Banja kuti za ntchito asaganize n'komwe. Ndinawerenga mafunso: iwo khumi ndi anayi, ine asanu ndi limodzi. Pakatipo eni kampani anaimba kawiri, ndipo a Banja anayankha atakhala tsonga, dzanja lina likufunafuna tayi pakhosi pomwe palibe tayi.

Pomaliza anapatsa a Banja fomu ya malikisi. Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Analemba 5.

Anthu atatuluka anagona chagada, maso kudenga. Patapita nthawi anafunsa motsitsa mawu ngati zimakhala chonchi tsiku lililonse. Ndinati lero n'zochepa, bwana, poti tagawana.

BP yawo ya masana 188/110. Sanatchulenso za makina onama. Anaitana a Sisitala n'kupempha kuti wa kukampani aliyense abwezedwe pakhomo. A Sisitala anati akanachita kale, amangodikira kuti mwini lamulo alawe. Mafoni athu onse awiri awatsekera mu dirowa ya pa tebulo lawo. A Ndandanda anakana kuimitsa ndandanda popanda kalata yosainidwa, ndiye a Banja anasaina atatsamira pilo.

Tsopano muyeso wa madzulo. Alendo kunalibe, koma 156/95. Ndinalonjeza kulemba zoona, ndiye ndilembe. Cha m'ma 5 koloko ndinabwereka foni ya a Dalaivala, ndinati ndikuimbira mlongo wanga. Ndinaimbira ku makina. Ndinamva phokoso kuseri, makina onse atatu akuyenda. Ndinafunsa wawayendetsa ndani. Ati mayi a ku sitolo yosungiramo mapepala pakampani pathu anatsegula dirowa yanga Lolemba, anatenga kabuku kofiira, anakhala nako ola limodzi, n'kulemba ndondomeko ya sabata yonse pa bolodi. Mabuku a sukulu atuluka mawa.

Ndakhala ndikuganiza kuti chinandikweza BP n'chiyani pamenepa. Si nkhawa, poti nkhani yake inali yabwino. Ndi mkwiyo. Zaka 19 ndimadandaula kuti palibe wondithandiza, ndipo zaka zomwezo ndimakiya dirowa. Mlandu wa madzulo ano ndi wanga.

Kwatsala Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu. Palibenso tsiku lotaya.

Lachitatu, pa 12 Malichi

136/86. 138/88. 137/85. Tsiku loyamba.

Masana mayi a ku sitolo anabwera. A Sisitala anawasecha pakhomo ngati pa bwalo la ndege, sanapeze fomu, fayilo kapena dengu, anawalola mphindi zisanu. Mayiwa akhala moyang'anizana ndi tebulo langa zaka zisanu ndi zitatu. Sindinawaphunzitsepo kanthu. Ati amangomvetsera ndikamakalipa pafoni.

Anabwera kudzapepesa za dirowa, ati loko wake anali wofooka kale. Ndinafunsa kuti makalendala awaika pati. Anakana kundiuza. Ndinafunsanso. Anayang'ana kwa a Sisitala, kenako ananong'ona kuti awagawa pa makina awiri aang'ono kuti aakulu atsale ndi mabuku. Ndinawerengera m'mutu. Zikupulumutsa tsiku ndi theka. Ine sindinaganizepo.

Ndinati kabukuko akhale nako, koma tsamba 40 mpaka 44 asakhulupirire, ndinalemba ndili ndi malungo. Anati anaona kale.

A Banja anamva zonse, anadziphimba bulangete kunamizira kugona. Mayiwo atapita anafunsa kuti kodi amene uja amagwira ntchito kwathu. Ndinati zaka zisanu ndi zitatu, bwana, amadumpha kumbuyo kwanu Lachisanu lililonse.

Lachinayi, pa 13 Malichi

133/84. 139/88. 135/84. Tsiku lachiwiri. La masanalo linandiopsa.

Chifukwa chake ndi ichi. A Banja apeza mphamvu, BP yawo yafika 164/98, ndipo m'mawa anayamba kuyendera wodi. Anafuna kukhazikitsa komiti ya odwala, a Dalaivala akhale wapampando, ine mlembi. Anayamba kuphunzitsa bambo wa opaleshoni uja kupuma mokoka mpweya. A Sisitala anawagwira pachigongono n'kuwabweza pa bedi ngati mbuzi yolowa m'munda.

"Bambo, muno bwana ndine, ndipo sindichititsa misonkhano. Gonani."

Anagona. Masana anandiuza kuti iwonso zaka zisanu ndi chimodzi sanapite kutchuthi. Akangonyamula chikwama eni kampani amaimba, kafunso kamodzi chabe. Ati timipira tofinya tija anatigula poganiza za ife, koma ali ndi titatu mu dirowa yawo ndipo tiwiri tinaphulika. Sindidziwa zonena munthu akayamba zoterezi, ndinangowapatsa lalanje.

Kenako anapempha pepala. Lomwe linalipo ndi fomu ya malikisi yotsala. Kuseri kwake alemba kuti ndikatuluka ndipite kutchuthi masiku makumi atatu, foni ya kampani ndisiye ku ofesi, mayi a ku sitolo agwire ndondomeko, ndipo ndikabwerako tizigwira awiri. A Dalaivala asaina ngati mboni, atafunsa kaye ngati sakuwalowetsa m'komiti.

Mayi akunyumba awerenga kawiri. Ati masiku makumi atatu ine ndili pakhomo, ndiye a Sisitala asungiretu bedi ku wodi ya amayi. Ndawauza kuti pepalalo lilibe ntchito ngati mawa zikanika. Ati akudziwa. Anakhala mpaka belu lotulutsa alendo, akupinda ndi kupindanso thaulo lomwelo.

Lachisanu, pa 14 Malichi

M'mawa 134/83. Masana 136/85.

A Dokotala adutsa 2 koloko. Ati abweranso ukatha muyeso wa madzulo, ndipo mapepala onse awiri ali okonzeka mu fayilo, londitulutsa ndi kalata ija. Asaina limodzi mwa awiriwo. Magazi a dzulo akuonetsa kuti impso sizinaipirepo.

A Dalaivala atuluka masana ano, phazi lili m'bandeji, galimoto ya kudepoti inadzawatenga. Akadali okwiya kuti sanafunsidwe kafunso. Anenepa.

5:35. Pakhomo la wodi paima bambo wa suti yotuwa, chikwama m'manja. Ndikumudziwa, ndi mlamu wa eni kampani, amabwera zinthu zikavuta. A Sisitala ali ku wodi ina, ndipo namwino wa pakhomo akuoneka kuti suti yamugonjetsa. Bamboyo wandiona, wakweza dzanja, watulutsa pepala m'chikwama.

A Banja nawo amuona. Atsitsa miyendo, avala masilipasi anga poti awo sakuwapeza, agwira chovala chawo kumsana ndi dzanja limodzi kuti chisatseguke.

"Inu gonani, mkulu wanga. Ameneyo ndi wanga."

Apita okha mpaka pakhomo, amugwira mkono, amutembenuza, atuluka naye kukhonde. Chitseko atseka. Ndikuona mitu yawo pa galasi. Wa sutiyo akulozaloza kuno, a Banja akupukusa mutu. Mawu sakumveka, ndipo ndasiya kuyang'anako.

5:58. A Sisitala alowa ndi makina. Ayang'ana bedi nambala 8 lopanda munthu, ayang'ana kukhonde. Ayambira pa bedi nambala 1 monga mwa masiku onse. Amatenga mphindi zitatu pa bedi, ndipo nambala 6 mulibe munthu, ndiye afika pano cha m'ma 6:13. Ati mphindi khumi muyeso usanachitike munthu asagwire chilichonse, ngakhale pensulo.